Mafuwa Atatu a Forklift

Nyengo yogulitsa fodya ikafika, ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe kumacha msanga. Malole amagona pamzere, mabelo atasanjidwa mpaka pamwamba, ndipo m'nyumba zosungiramo katundu mumakhala piringupiringu wa timagalimoto ta mafoloko awiri kutsogolo. Kena kakubwerera chammbuyo kakulira pii! pii! pii!, kena kakutukula katundu kufika naye kudenga. Amenewa ndiwo ma forklift. Katundu amene amuna khumi akanalimbana naye ndi misana yawo theka la tsiku, forklift imodzi imamutsitsa tiyi asanazizire. N'chimodzimodzi ku Makata ndi ku Limbe, kumadoko a Beira ndi Nacala komwe kumadzera katundu wambiri wa Malawi, komanso m'mafakitale a ku Johannesburg komwe ana a kuno ambiri amapezerako ya sopo.

Woiona koyamba amaiderera. Ndi yaifupi, sithamanga kwenikweni, mpando ndi umodzi. Mnyamata amene wakhala miyezi itatu akusenza matumba pafupi nayo amayamba kuona ngati waidziwa kale. Tsiku lina dalaivala akapita kokadya nsima atasiya kiyi pomwepo, mnyamata uja amakwera. Kapitawo akaona kuti wasuntha paleti osagwetsa kanthu, amangoti, "Wayamba kutha, mphwanga. Mawa udzatithandize." Madalaivala ambiri anayamba chonchi, mongoonerera, ndipo ena a iwo manja awo ndi aluso zedi. Koma makinawa ali ndi zinsinsi zimene maso sangazione ngakhale munthu ataonerera zaka khumi, ndipo zinsinsizo ndi zomwe zimapha.

Chinsinsi choyamba ndi kulemera kwake. Forklift yonyamula matani awiri ndi theka, payokha imalemera pafupifupi matani anayi, ngati galimoto zing'onozing'ono zitatu kuziphatikiza. Kulemerako kunabisala kumbuyo, m'chitsulo chachikulu chimene anachiumba ngati mbali ya thupi la makinawo. Ntchito ya chitsulocho ndi kukokera kumbuyo pansi pamene katundu akukokera kutsogolo, ndipo matayala akutsogolo ndiwo ali pakati pa mkanganowo. Wakabaza amene wamanga matumba atatu a makala pakaliyala amazidziwa bwino izi: akangotsika panjinga, tayala lakutsogolo limanyamuka lokha. Forklift ikachulukidwa katundu imatero nayonso, kungoti imanyamuka kumbuyo, komwe kuli matayala okhotetsa. Kuyambira pamenepo chiwongolero chimangozungulira chabe.

Chachiwiri n'chozizwitsa kwambiri. Forklift ili ndi matayala anayi, koma imaima pa malo atatu okha, ngati mphika pa mafuwa. Mafuwa awiri ndi matayala akutsogolo. Lachitatu lili pakatikati pa chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo, pakuti chitsulocho anachikoloweka pa malo amodzi kuti chizitha kupendekera uku ndi uku pansi pakakhala posasalala. Mutajambula mizere yolumikiza malo atatuwa, mupeza chithunzi cha ngodya zitatu, chotakata kutsogolo, chosongoka kumbuyo. Kulemera konse kwa makina pamodzi ndi katundu kumakumana pa malo amodzi, ndipo malowo ndiwo mphika wathu uja. Ukakhala pakati pa mafuwa, zonse zili bwino. Ukangotuluka pang'ono, forklift yagwa.

Mphikawo sukhazikika. Katundu akakwezedwa m'mwamba, nawo umakwera, ndipo kugwedezeka pang'ono kumautaya, monga ndowa yodzaza imavutira pamutu kuposa m'manja. Dalaivala akakhota mothamanga, umakankhidwira kumbali. Akaponda mabuleki mwadzidzidzi, umathamangira kutsogolo. Tayala limodzi likalowa m'kadzenje kapena likaponda chidutswa cha thabwa, umapendekera komweko. Ndipo pali china chimene ophunzira ambiri amayamba achikana: forklift yopanda katundu ndi imene sichedwa kugwera chammbali. Ikakhala yopanda kanthu, kulemera kwake kumabwerera kumbuyo, kufupi ndi fuwa limodzi lija, komwe malo ndi opanikizika. Nthawi yomwe dalaivala watula katundu, mtima uli m'malo, akuthamangira kukatenga wina, ndi nthawi imene ngozi ili naye pafupi.

Pafupi ndi mpando pamakhala kachitsulo kolembedwa manambala, kamene ambiri sakawerenga n'komwe. Kakhoza kunena kuti 2,500 kg pa 500 mm. Nambala yoyamba aliyense amaimva: matumba 50 a feteleza a makilogalamu 50. Yachiwiri ndi imene imafuna mphunzitsi. Ikutanthauza kuti makilogalamu 2,500 amenewo ndi otheka pokhapokha pakati pa katunduyo pali pa mtunda wa theka la mita kuchokera kumsana wa mafoloko. Katundu akakhala wamtali, pakati pake n'kufika pa mita yathunthu, forklift yomweyo singanyamule bwino ngakhale matani awiri. Aliyense amene anayesapo kunyamula chidebe cha madzi atatambasula mkono akudziwa chifukwa chake. Munthu wosaphunzira akaona kumbuyo kukunyamuka, nzeru yomwe imamubwerera ndi kuitana anzake: "Achimwene, takwerani kumbuyoku awiri, ilemere." Anthu akwera, katundu wanyamukadi, onse akuseka. Katunduyo akangoterereka pa mafoloko, kumbuyo kumamenya pansi ndi matani ake onse, ndipo okwera aja amaponyedwa ngati zisaka.

Makinawa si achilendo padziko. Mu 1917 kampani ya Clark ku America inapanga kagalimoto konyamulira katundu mkati mwa fakitale yake, ndipo m'zaka zotsatira makampani ena anawonjezera mafoloko ndi mlongoti wokwezera. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inawafalitsa pamodzi ndi mapaleti, popeza katundu wa asilikali ankafunika kupakiridwa mwachangu. Toyota inatulutsa forklift yake yoyamba mu 1956. Maphunziro a oyendetsa ndiwo anabwera mochedwa, maliro atachuluka kale.

Bungwe la boma la America lofufuza za chitetezo pantchito, la NIOSH, linawerengetsa imfa za pakati pa 1980 ndi 1994 n'kupeza kuti anthu 1,021 anafa pa ngozi za forklift m'dzikolo. Pa anthu 100 alionse, 22 anafa forklift itagubuduzika, 20 anali oyenda pansi amene anagundidwa, 16 anapanikizidwa nayo, ndipo 9 anachita kugwa kuchokera pa makinawo. Ku Britain, bungwe loona za chitetezo la HSE limanena kuti pa ngozi zinayi zilizonse za galimoto za pamalo a ntchito, pafupifupi imodzi imakhudza forklift. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma ngozi zimenezi zimabwera m'njira zodziwika, zomwezomwezo chaka ndi chaka, moti zikhoza kuphunzitsidwa m'kalasi.

Phunziro lovuta kuposa onse ndi la mphindi imene forklift yayamba kugwa. Thupi la munthu limadziwa chinthu chimodzi: thawa, dumpha. Ndipo munthu amadumphira mbali imene makina akugwera, chifukwa n'komwe kulemera kukumukankhira. Pamwamba pa mutu wake pali denga la zitsulo, lomwe analiika kuti limuteteze ku katundu wogwa kuchokera m'mwamba. Iye akufika pansi, dengalo nalo likufika, ndipo chitsulo chake chimamupeza pakhosi, pachifuwa kapena pamutu, matani anayi ali pambuyo pake, monga msampha wa diwa umagwera mbewa. Zonsezi zimatha m'kuphethira kwa diso. Anthu ambiri ofa forklift itagubuduzika amafa motere, pomwe amene anakhalabe pampando kawirikawiri amapulumuka.

N'chifukwa chake mphunzitsi wabwino amabwereza mawu omwewo mpaka wophunzira atopa nawo. Usadumphe. Gwiritsitsa chiwongolero. Ponda pansi mwamphamvu ndi mapazi onse. Weramira kutsogolo, thupi lipendekere mbali yosiyana ndi komwe makina akugwera. Malangizowa ndi a forklift yokhala pampando; pa ina yoyendetsa choimirira, yolowera kumbuyo, munthu amaphunzitsidwa kutsika chammbuyo, ndipo kusiyana kumeneku ndi chimodzi mwa zifukwa zimene satifiketi ya mtundu umodzi sikwanira pa mtundu wina. Koma ngakhale wophunzira bwino, mantha akamugwira, thupi limamukanika. Lamba wa pampando ndi amene amamugwira pamene nzeru zathawa. N'zomvetsa chisoni kuti m'malo ambiri lambayu amamangidwa kumsana kwa mpando kuti belu lisalire, ati chifukwa dalaivala amakwera ndi kutsika kambirimbiri patsiku. Kumanga lamba kumatenga masekondi awiri. Kapitawo amene amaona zimenezi n'kuyang'ana kumbali akulakwira dalaivalayo pamodzi ndi ana ake.

Makampani ayesa kuthandiza. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Toyota inayamba kuika zipangizo zimene zimagwira chitsulo chakumbuyo chija kuti chisapendekere makina akazindikira kuti atsala pang'ono kugwa. Forklift yakale ilibe zimenezi, ndipo ngakhale yatsopano siona dzenje lomwe lili patsogolo pake.

Tsopano za oyenda pansi. Galimoto imakhota ndi matayala akutsogolo, kumbuyo n'kumatsatira. Forklift imakhota ndi akumbuyo, choncho dalaivala akakhotera kumanzere, chitsulo chakumbuyo chija chimakwapulira kumanja, kutali ndithu. Kalaliki amene waima pakati pa forklift ndi khoma akuwerenga mabelo amadziona wotetezeka chifukwa mafoloko aloza kwina. Chimamupeza ndi kumbuyo. Apa ndi pamene laisensi ya galimoto imasanduka mdani: dalaivala wa minibasi wa zaka makumi awiri pamsewu ali ndi zizolowezi zimene ayenera kuzivula kaye asanakhale pa forklift.

Katundu nayenso amatseka maso. Lamulo ndi lakuti akatchinga kutsogolo, dalaivala ayende chammbuyo, nkhope ili komwe akupita. Poyenda, mafoloko akhale m'munsi, masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pansi, mlongoti utapendekera kumbuyo pang'ono. Pamphambano ndi pakhomo achepetse liwiro, aimbe hutala. Munthu asadutse kunsi kwa mafoloko okwezedwa, kaya pali katundu kaya palibe. Woyenda pansi asayandikire mpaka maso ake atakumana ndi a dalaivala. Izi zikusonyeza kuti maphunziro si a dalaivala yekha. Wosesa, mlonda, wolemba malisiti ndi woyendetsa lole wobwera kudzatenga katundu, onse ayenera kuuzidwa kuti njira yawo ndi iti. Malo osamala amajambula mizere pansi kapena kumanga zitsulo zolekanitsa anthu ndi makina.

Kodi maphunziro enieniwo amaoneka bwanji? Ku Britain anawagawa patatu. Poyamba wophunzira amakhala ndi mphunzitsi pamalo apadera, kutali ndi ntchito, kwa masiku atatu mpaka asanu ngati ndi wongoyamba kumene, kuphunzira za mafuwa aja ndi kuyendetsa pakati pa zipilala mpaka mayeso. Kenako amaphunzira za makina enieni amene akagwiritse ntchito ndi katundu wa pamalo akewo. Pomaliza amalowa pantchito akuyang'aniridwa. Ku America bungwe la OSHA linakhwimitsa lamulo lake mu 1999: wolemba ntchito aonetsetse kuti dalaivala waphunzira za m'kalasi, wayeserera pamakina, ndipo wayesedwa pamalo ake a ntchito. Kuyesedwako kumabwerezedwa zaka zitatu zisanathe. Munthu akachita ngozi, akangoiphonya pang'ono, akaonedwa akuyendetsa mosasamala kapena akapatsidwa forklift ya mtundu wina, amabwerera kukaphunzira. Wosakwana zaka 18 saloledwa kuyendetsa m'mafakitale ndi m'masitolo.

Achinyamata olowera ku Joni adziwe kuti South Africa nayo ili ndi malamulo ake, pansi pa lamulo la chitetezo pantchito la 1993. Woyendetsa forklift amafunika satifiketi yochokera kusukulu yovomerezeka, ndipo bungwe limene lakhala likudziwika povomereza sukuluzo ndi la TETA. Satifiketiyo imanena mtundu wa makina amene munthu waphunzira, ndipo imatha mphamvu pakapita zaka ziwiri. Safunsa anadya phula: asanapereke ndalama zimene anazivutikira, munthu afunse umboni wakuti sukuluyo ndi yovomerezeka, afunsenso kuti akhala maola angati pamakina. Pepala loperekedwa popanda kukwera forklift siliphunzitsa manja kanthu.

Ku Malawi, lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 linaika pamapewa a wolemba ntchito udindo wopereka malangizo, maphunziro ndi uyang'aniro wofunika kuti antchito akhale otetezeka, ndipo lamulo la chipukuta misozi la 2000 limanena zolipira wovulala pantchito. Choncho mnyamata uja wokwera nthawi ya nsima akavulala kapena kuvulaza mnzake, funso loyamba si lakuti anakwereranji. Funso ndi lakuti kiyi anasiyidwiranji, ndipo anamulola ndani kubweranso mawa lake.

Dalaivala wophunzira amadziwika m'mawa, injini isanalire. Amayamba waizungulira forklift wapansi. Amagwada kuona ngati pansi padontha mafuta. Amayang'ana matayala ngati ang'ambika. Amafika pa mafoloko, n'kuona pachidendene, pamene chitsulo chimapindikira, chifukwa m'pamene ming'alu imayambira ndipo m'pamene pamadyeka foloko ikamakwekwerezedwa pansi. Foloko ikadyeka gawo limodzi mwa magawo khumi a kuchindikala kwake, mphamvu yake imatsika ndi magawo awiri mwa khumi, ndipo iyenera kusinthidwa. Amayang'ana matcheni a pamlongoti ndi mapaipi a mafuta. Akakayikira kuti paipi yaboola, sapapasa ndi dzanja. Amayandikiza kachidutswa ka katoni, pakuti mafuta a m'mapaipiwa amatuluka ndi mphamvu yotha kuboola khungu, ndipo kabala kooneka ngati ka singano kakhoza kudulitsa chala. Kenako amakwera, kumanga lamba, kuyesa mabuleki, chiwongolero, hutala, nyali, kukweza ndi kutsitsa mafoloko. Zonsezi ndi mphindi zosapitirira khumi. Akapeza vuto amazula kiyi n'kukanena, ndipo forklift siyenda mpaka makaniko ataiona.

Pamtsetse pali lamulo lake. Forklift ikakhala ndi katundu, katunduyo aloze kumtunda nthawi zonse: pokwera ipite chakutsogolo, potsika itsike chammbuyo. Ikakhala yopanda kanthu, mafoloko aloze kumunsi. Kukhota pamtsetse n'koletsedwa, chifukwa mphika uja uli kale m'mphepete mwa mafuwa.

Popakira m'lole kapena m'kontena ngozi imabisala pansi. Forklift ikamalowa ndi kutuluka, imakankha lole pang'onopang'ono mpaka pakati pa lole ndi khonde lopakirira patseguka mpata wogwetsa makina onse. Nthawi zina woyendetsa lole, poganiza kuti ntchito yatha, amangonyamuka forklift ili pakhomo. Mankhwala ake ndi osavuta: mabuleki a lole amangidwe, matayala atsekedwe ndi zipika, kiyi wa lole asungidwe ndi opakira mpaka amalize.

Palinso adani osaoneka. Forklift ya dizilo kapena ya gasi ikamagwira ntchito m'nyumba yotsekeka imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nthawi yachisanu. Ulibe fungo, munthu amangomva mutu, chizungulire ndi kufooka, n'kumayesa malungo. Ya batire ilibe utsi, koma potchaja mabatire a asidi pamatuluka mpweya wa hydrogen umene umaphulika ndi kamoto ka ndudu.

Ndipo pali mwambo woipa wokweza munthu. Babu lapsa kudenga, makwerero ali kutali, wina amaima pa paleti kapena pa mafoloko enieniwo, mnzake n'kumukweza mamita anayi. Paleti sinamangidwe ku kanthu. Akasuntha phazi kupita m'mphepete, imatembenuka. Munthu amakwezedwa m'khola lachitsulo lopangidwira ntchitoyo, lomangidwa ku makina, dalaivala ali pampando osachoka.

Zonsezi zikhoza kuphunzitsidwa m'sabata imodzi, koma zimatha kufa m'tsiku limodzi ngati bwana sazifuna. Malole akachuluka pageti, dzuwa likupendeka, mawu amene amamveka ndi akuti, "Adala, changu! Ingonyamulani onse pakamodzi." Dalaivala wa ganyu, amene akudziwa kuti pageti pali ena khumi ofuna mpando wake, zimamuvuta kuyankha kuti, "Pepani bwana, katunduyu wapyola mlingo, ndimutenga kawiri." Komatu maphunziro amene sapatsa munthu mphamvu yonena mawu amenewa ndi osakwanira. N'chifukwa chake makapitawo ndi mamanijala ayenera kuphunzira nawo, osati kuti aziyendetsa, koma kuti adziwe chimene akupempha. Ulendo wachiwiri umadya mphindi zitatu. Mashelefu akagwa, nyumba yonse imaima masiku, katundu wa mamiliyoni atawonongeka, osanenanso za munthu amene anali pansi pake.

Dalaivala wakale nayenso asamanyansidwe akaitanidwa kukaphunziranso. Zaka zimabweretsa luso, koma zimabweretsanso kuzolowera: kukweza katundu uku akuyenda, kuyankha foni dzanja lina lili pa chiwongolero, kupatsa mnzake lifiti pambali pa mpando.

Ngati muli ndi forklift pamalo anu, kaya ndinu mwini, kapitawo kapena mtsogoleri wa antchito, mawa masana pitani mukaione nthawi ya nsima. Mukaone ngati mafoloko atsitsidwa pansi, ngati buleki yamangidwa, ndi komwe kuli kiyi. Mukayang'ane lamba ngati sanamangidwe kumsana kwa mpando. Kenako mufunse aliyense amene amaikwera kuti anaphunzitsidwa liti ndipo ndi ndani, ndipo amene alibe yankho mumutumize kukaphunzira asanakwerenso.